Laisensi ya Uinjiniya Sikwera Nawo Lole ya Katundu

Funso: Ndinaphunzira civil engineering ku Poly ku Blantyre, ndinagwirako ntchito za misewu kumudzi zaka zitatu, kenako ndinabwera ku America kudzachita masters. Ndagwira ntchito ku Houston zaka 9, ndikupanga mapulani a ngalande ndi madamu osunga madzi a mvula. Mayeso a FE (oyamba, a maziko a uinjiniya) ndi PE (omaliza, opezera laisensi ya Professional Engineer) ndinakhoza onse, ndipo laisensi ya Texas ndili nayo kuyambira 2019. Mayi akunyumba apeza ntchito ya unamwino ku Sacramento, mu steti ya California, ndiye tikusamuka miyezi itatu ikubwerayi. Kampani ina ya kumeneko yandilonjeza ntchito, akuti akufuna munthu woti azidinda mapulani. Kodi laisensiyi ndingaisamutse bwanji? Ndi ngati ya galimoto, yongokapereka yakale n'kulandira yatsopano?

Yankho: Achimwene, mayiwo muwayamikire, komanso muwafunse bwinobwino mmene ayendera ndi bodi ya anamwino ya ku California, chifukwa njira imene adutsayo ndi yomwe inu mukuiyamba. Ndipo mawu akuti "kusamutsa" tiyambe taachotsa, ndi amene amagwetsa anthu ambiri m'dzenje. Laisensi ya PE sisamuka. Ya Texas idzakhala ya Texas mpaka kalekale, imagwira ntchito pa nthaka ya Texas basi. Chimene mukachite ndi kupempha laisensi yachiwiri, yatsopano, ndipo bodi ya ku Sacramento ikakuyesani ndi muyeso wake. Ya galimoto ija mumapereka yakale n'kutenga ina. Iyi mumatsala nazo zonse ziwiri, ndipo zonse zimafuna kudyetsedwa.

Anzathu pa ofesi amakonda kunena kuti reciprocity, ngati kuti pali pangano loti ukalandira wanga nanenso ndilandira wako. M'malamulo a masteti ambiri mawu ake ndi comity, ena amati endorsement, ndipo tanthauzo lake ndi ulemu chabe. Zili ngati munthu wosamukira mudzi wina atanyamula kalata ya amfumu a kwawo. Amfumu a kuno aiwerenga kalatayo, aikhulupirira kuti munthuyu si wakuba, si mfiti, koma malo omanga ndi olima apereka ndi iwo, atafunsa kaye mafunso awo.

Mwina mukudabwa kuti dziko limodzi, mbendera imodzi, ndalama imodzi, nanga laisensi imodzi yavuta pati? Kwathu ukalembetsa kamodzi, ukhoza kumanga mlatho ku Chitipa, mawa lake ku Nsanje. Kuno mphamvu yoyang'anira ntchito zokhudza miyoyo ya anthu ili m'manja mwa steti iliyonse, osati boma la ku Washington. Wyoming ndiyo inayamba mu 1907, itatopa ndi anthu osadziwa kanthu amene ankajambula mapu opemphera madzi a ulimi wothirira. Montana inatsekera mu 1947. Ndipo masteti anu awiriwa, onse malamulo awo anabadwira pamaliro. Usiku wa pa 12 Marichi 1928 damu la St. Francis, kumpoto kwa Los Angeles, linagumuka, madzi n'kukokolola anthu oposa 400, ambiri ali m'tulo. Mkulu wa ntchitoyo, William Mulholland, anali injiniya wodziphunzitsa yekha, ndipo tsiku lomwelo anali atayendera damulo n'kuona kuti palibe choopsa. Chaka chotsatira, 1929, California inakhazikitsa lamulo lolembetsa ma civil engineer. Ku Texas nako, pa 18 Marichi 1937, gasi amene ankatuluka mobisika pansi pa sukulu ya ku New London anaphulika n'kupha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana. Chaka chomwecho Texas inakhazikitsa lamulo lake la mainjiniya. Choncho bodi iliyonse imadziona ngati mlonda wa anthu ake, ndipo siifuna kuti mlonda wa kwina aziitsegulira geti. Sindikunena kuti zonse zimene mabodiwa amafuna n'zanzeru. Zina n'zongotopetsa, ndipo ndalama za mafomu nazonso sadana nazo. Koma muzu wake ndi umenewo.

Nkhani yabwino ndi yoti FE ndi PE simubwerezanso. Mayeso awiriwa amakonza ndi NCEES, bungwe la mabodi onse lomwe linayamba mu 1920 ndipo likulu lake lili ku Greenville, South Carolina. Zotsatira zake zimalemekezedwa paliponse ndipo sizivunda. Mwachita mwayi kuti munalemba onse awiri. Ena amene akuwerenga pano anakhululukiridwa FE ndi steti yawo yoyamba chifukwa cha kuchuluka kwa zaka za ntchito. Chikhululukiro chimenecho n'cha steti imene inachiperekayo, ndipo ina ikhoza kukubwezani kukalemba FE imvi zili mbuu.

Tsopano pamene pagona nkhani. Mukanakhala kuti mukupita kwina, bwenzi ndikungokuuzani za mapepala. Koma mwasankha California, ndipo ndinu wa civil. Kumeneko munthu aliyense wofuna laisensi ya civil, kaya wakhala PE zaka 30 kwina, amalemba mayeso awiri owonjezera a steti: Seismic Principles, a zivomezi, ndi Engineering Surveying, a kuyeza malo. Aliwonse ali ndi mafunso 55 ndipo amakupatsani maola awiri ndi theka. Gawani nokha, muona kuti funso lililonse silikwana mphindi zitatu. Palinso kamayeso kachitatu ka malamulo a bodi, kolembera kunyumba lamulo lili potsegula, koma kameneko sikagwetsa munthu wowerenga.

Mudzanena kuti ine ndine wa ngalande, zivomezi zikundikhudza pati? Nanenso ndinanena zomwezo. Yankho lili pa dzina la laisensiyo. Texas imapereka laisensi imodzi ya Professional Engineer, n'kukusiyirani udindo wogwira zokhazo zimene mukuzidziwa. California imapereka laisensi ya Civil Engineer, ndipo pepala limenelo limalola mwini wake kupanga mapulani a nyumba, milatho ndi zipupa zotchinga dothi. Masukulu a boma ndi zipatala ndi zimene amasungira a Structural Engineer, udindo wina wapamwamba umene munthu amaupempha atakhala kale wa civil. Popeza pepalalo likukulolani kumanga nyumba pa nthaka yogwedezeka, bodi ikufuna ione kuti mukudziwa chimene nthakayo imachita. Anthu a kumeneko saiwala chivomezi cha ku Long Beach mu 1933, pamene masukulu ambiri anagwa, mwayi wake ana anali ataweruka. Saiwala Loma Prieta pa 17 Okutobala 1989, pamene msewu wosanjikizana wa Cypress ku Oakland unaphwanyikira magalimoto n'kupha anthu 42, kapena Northridge pa 17 Januwale 1994. Ife timakumbukira Karonga mu Disembala 2009, mmene nyumba za njerwa zinang'ambikira m'makona. Chithunzi chake n'chomwecho, kungoti kumeneko aliyense wodinda mapulani amayembekezeka kuchiwerengera.

Ku Houston mdani wanu ndi mphepo ndi madzi. Mphepo imakankha khoma malinga ndi kukula kwake. Chivomezi n'chosiyana: chimagwedeza pansi, ndipo mphamvu yophwanya nyumba imachokera ku kulemera kwa nyumba yomweyo. Ikalemera kwambiri, imadzipha yokha kwambiri. Maganizo amenewa akakhazikika m'mutu, zotsalazo ndi kuzolowera mabuku, makamaka ASCE 7, buku la mphamvu zimene nyumba iyenera kupirira, ndi California Building Code: kudziwa gulu la dothi la pamalopo, chifukwa dothi lofewa limakulitsa kugwedezeka, kupeza Seismic Design Category, gulu losonyeza kuopsa kwa chivomezi pa nyumbayo, kuwerengera mphamvu yonse ya patsinde pa nyumba n'kuigawa m'nsanjika zake, kudziwa chifukwa chimene nyumba yotha kupindika osathyoka amaichepetsera mphamvu yowerengera, ndi kuzindikira nyumba yoopsa ija ya magalaja otseguka pansi, zipinda zolemera pamwamba. Masamu ake si ozama. Chovuta ndi liwiro.

Ine amene anandigwetsa ndi a saveyi, ndipo chinandigwetsa ndi matama. Ndinati munthu amene ndinapsa ndi dzuwa la Okutobala ku Chichiri nditagwira sitafu, mnzanga akusuzumira mu levulo n'kumakuwa manambala, ine ndikulemba backsight ndi foresight m'kabuku konyowa ndi thukuta, ndingalephere saveyi? Ndinathera masabata onse pa zivomezi, saveyi n'kuipatsa Loweruka awiri. Tsiku la mayeso ndinalowa ndi bokosi la mabuku, popeza mayeso awiriwa amalola kulowa ndi mabuku ako. Funso lachisanu ndi chimodzi linali la msewu wokwera n'kutsika, kupeza malo okwera kwambiri pa vertical curve. Njira yake ndinkaidziwa, koma fomula inali itandithawa. Ndinatsegula buku, tsamba silikupezeka, ndinatsegula lina, wotchi ya pakona pa kompyuta ikungodya. Pomwe ndinkapeza yankho n'kuti mphindi 8 zitapita, za mafunso atatu. Chakumapeto ndinangolasa mafunso khumi ndi angapo mwachisawawa. Ulendo wachiwiri ndinalowa ndi buku limodzi ndi faelo imodzi ya mafomula olemba ndekha, masamba ake oikidwa timapepala tamitundu, nditayeserera mafunso mazana angapo wotchi ili patebulo. Ndinatuluka nthawi isanathe. Muyeserere makona a msewu, ma traverse, ma bearing ndi azimuth, kuwerengera dothi lokumba ndi lokwirira, ndi kuwerenga zikhomo za pa saiti, mpaka chala chizipita chokha pa kakyuleta.

Dziwaninso kuti simungangodzuka n'kukalembetsa mayeso amenewa. Mumayamba mwapereka pempho lonse ku bodi, imene dzina lake lonse ndi Board for Professional Engineers, Land Surveyors, and Geologists, kudzera pa intaneti. Mumapereka zidindo za zala kuti afufuze ngati muli ndi milandu, iwo amaunika maphunziro ndi ntchito yanu, ndipo akakhutira m'pamene amakulolani kusankha tsiku ku Prometric, kampani imene imalembetsa mayesowo. Mayeso aliwonse mumalemba kamodzi pa kota ya chaka. Mukagwa, mudikira kota yotsatira n'kulipiranso. Ndiye miyezi itatu mwanenayo, achimwene, ichotseni m'mutu. Ine munthu akandifunsa ndimati akonzekere pakati pa miyezi 6 ndi chaka, ndipo zikafulumira athokoze.

N'chifukwa chake ntchito ya sabata ino si kugula mabuku a zivomezi, koma kumanga faelo yanu. Chimene chimasamukadi ndi umboni, ndipo mtanga wonyamulira umboniwo ndi NCEES Record. Lowani mu akaunti yomwe ija munalembetsera mayeso. Mmenemo mumasonkhanitsa matransikiripiti a sukulu, zotsatira za mayeso, chitsimikizo cha bodi ya Texas kuti laisensi yanu ili moyo ndipo ilibe banga, mbiri ya ntchito yanu yonse, ndi anthu asanu okuikirani umboni, atatu mwa iwo akhale ma PE a ku America konkuno. Achibale sawerengedwa. Kumanga Record n'kwaulere, mumalipira pokhapokha mukamaitumiza ku bodi. Ubwino wake mudzauona pa steti yachitatu ndi yachinayi, pamene anzanu adzakhale akusakasaka mabwana akale inu mukungodina batani.

Pa mbiri ya ntchito m'pamene ife a kwathu timadzipweteka. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndiye timalemba kuti "tinapanga", "ndinathandiza nawo", "ndinali m'gulu limene linagwira". Wowerenga ku NCEES ndi injiniya mnzanu, ndipo sakufuna kudziwa zimene kampani inachita. Akufuna zimene munachita inuyo ndi mutu wanu. Fumbi ndiwe mwini. M'malo molemba kuti munathandiza pa polojekiti ya ngalande, lembani kuti munawerengera madzi a mvula ya zaka 100 pa malo a maekala akutiakuti, munasankha kukula kwa mapaipi ndi makalavati, munayesa kayendedwe ka madzi mu pulogalamu ya pa kompyuta ya HEC-RAS, munasintha damu pamene ziwerengero za mvula za Atlas 14 zinatuluka mu 2018 pambuyo pa namondwe wa Harvey, ndipo munadinda mapulaniwo. Tchulani dzina la polojekiti, malo ndi chaka. Musasiye mpata wa miyezi wopanda malongosoledwe. Ngati munakhala miyezi isanu kwa amalume ku Ndirande mukusaka ntchito, lembani choncho, palibe amene adzakuimbeni mlandu. Mpata wosalongosoledwa ndi umene umabweza faelo.

Gawo lililonse la ntchito amalitumiza pa imelo kwa amene ankakuyang'anirani kuti avomereze. Apa yambani ndi foni, osati fomu. Ine faelo yanga inaima masabata 7 chifukwa bwana wanga woyamba anali atapuma ntchito, kampaniyo itagulidwa ndi ina, imelo yake yakale itafa. Ndinamupeza kudzera kwa mlembi wakale wa pa ofesiyo, ali ku famu yake, ndipo laisensi yake anali ataisiya kalekale. Anandisayinira mokoma mtima, koma nthawi inali itapita. Inu muli ndi mwayi woti mukadali ku Houston. Mabwana anu a panopa akusayinireni musanatsanzike kapena mukangotsanzika, nkhope yanu ikadali m'maso mwawo. Ndipo mutsanzike bwino. Munthu amene mwamumenyera chitseko lero ndi yemweyo bodi idzamufunse za khalidwe lanu mawa. Umboni wa anthu asanu aja umakhala ndi mphamvu miyezi 12 yokha, ndiye musautenge n'kuugoneka.

Za digiri ya ku Poly. Si ya ABET, bungwe limene limavomereza maphunziro a uinjiniya kuno, ndipo Malawi sali mu Washington Accord, mgwirizano wa mu 1989 wolemekezerana madigiri, momwe muli Britain kuyambira pachiyambi ndi South Africa kuyambira 1999. Ngakhale a madigiri a mayiko amenewo asadzinamize, chifukwa mabodi a masteti sakakamizidwa kutsatira mgwirizanowo. Ku California nkhaniyi isakusowetseni tulo. Iwo amafuna zaka 6 zonse pamodzi, sukulu ndi ntchito. Digiri ya ABET amaiwerengera zaka 4, digiri ya uinjiniya yopanda ABET zaka 2, ndipo masters ya pa sukulu yovomerezeka ikhoza kukweza chiwerengerocho kufika pa 5. Inu zaka 9 za ku Houston zokha zadzaza kale muyeso mpaka kusefukira. Zitatu za kumudzi zija zilembeni, ndi mbiri yanu, koma musatsamirepo.

Pamene digiriyo idzakulumeni ndi pa liwiro, komanso m'masteti ena okhwima. NCEES imaika chizindikiro cha Model Law Engineer pa faelo ya munthu wa digiri ya ABET, zaka 4 za ntchito, FE, PE ndi mbiri yoyera, ndipo mabodi ambiri faelo yotere amaidutsitsa m'masiku ochepa osadikira msonkhano wa bodi. Ife a madigiri a kunja nthawi zambiri chizindikiro chimenechi sitichiona, ndiye faelo yathu imawerengedwa ndi munthu, tsamba ndi tsamba. Ambiri amafunanso kuti digiriyo iunikidwe ndi NCEES Credentials Evaluations, imene imaiyeza ndi muyeso wa ma credit 32 a masamu ndi sayansi, 48 a uinjiniya weniweni, ndi 12 a maphunziro ena monga mbiri yakale kapena zachuma. Ophunzira m'njira yachingerezi timaperewera kawirikawiri pa 12 amenewa, chifukwa tinkalowa mu uinjiniya mwachindunji. Kuperewerako amangokulemba mu lipoti, ndipo bodi iliyonse imagamula yokha chochita nako. Ngati munaunikitsa kale ku NCEES pofuna ya Texas, lipotilo lili mu akaunti yanu. Ngati ayi, mapepala ayenera kuchokera ku sukulu mwachindunji, osadzera m'manja mwanu: transikiripiti, satifiketi ndi malongosoledwe a kosi iliyonse. Kumbukirani kuti Poly inasanduka MUBAS mu 2021, pamene satifiketi yanu ikunena University of Malawi. Munthu wa ku Greenville sangadziwe zimenezo mwamaloto, ndiye pakhale kalata yolongosola. Chimodzimodzi mayina. Ngati pa satifiketi pali dzina la agogo limene pa pasipoti palibe, kapena mayina anatembenuzidwa, konzani umboni wake lero. Pepala lowoloka nyanja silithamanga, ndipo zimathandiza kukhala ndi m'bale ku Blantyre woti akalipire zofunika ndi kuona kuti envelopu yanyamukadi.

Mafunso a pa fomu okhudza milandu ndi zilango muyankhe zoona zokhazokha. Mabodi amagawana mbiri ya zilango kudzera ku NCEES, ndipo zidindo za zala zimavumbula zakale. Kamlandu kakang'ono kolongosoledwa bwino kawirikawiri sikatsekereza munthu. Kubisa ndiko kumatsekereza.

Tibwere kwa abwana atsopanowo, amene akufuna munthu wodinda. Awuzeni zoona musanasayine kalata ya ntchito. Kampani ya civil ya ku Sacramento ikudziwa bwino za mayeso awiri aja, ndipo ikanamizira kudabwa, pamenepo pakhale pokuchenjezani. Lamulo la California limalola munthu wopanda laisensi ya kumeneko kugwira ntchito ya uinjiniya pansi pa injiniya wa laisensi amene ali ndi udindo wonse pa ntchitoyo, chimene amati responsible charge. Mukhoza kuwerengera, kujambula, kutsogolera anyamata ojambula mapulani pa kompyuta, kupita ku misonkhano. Chimene simungachite ndi kudinda, kusayina ngati mwini ntchito, kapena kudzitcha Civil Engineer kapena Professional Engineer ngati kuti ndinu wolembetsedwa kumeneko, chifukwa mayina amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo ndipo kuwagwiritsa ntchito popanda chilolezo ndi mlandu. Pa khadi ndi pansi pa imelo, zilembo za PE zisaime zokha. Lembani poyera kuti laisensiyo ndi ya Texas, kapena zichotseni kaye. Ndipo wina akadzati "pangani zonse, mdala uja angodinda", kanani mwaulemu. Wodinda ayenera kuti wayang'aniradi ntchitoyo ndi kupanga ziganizo zake. Chidindo chobwereka chimagwetsa wobwereketsa ndi wobwereka yemwe, ndipo chilango cha ku California chikakupezani chidzafikanso ku bodi ya Texas ku Austin.

M'kalata ya ntchitoyo pemphani zinthu zitatu zilembedwe: kuti ntchito yanu siidalira kupeza laisensi m'masiku 90, kuti kampani ilipira mafomu, mayeso ndi kosi yokonzekera, zomwe pamodzi zimadya madola mazana angapo, ndi kuti malipiro adzaonedwanso nambala ya laisensi ikatuluka. Musachite manyazi. Sacramento ili pamene mtsinje wa American umathira mu mtsinje wa Sacramento, mzinda wokhala kuseri kwa zipupa zotchinga madzi, ndipo munthu amene waona Harvey ndi maso ake n'kukonza ngalande pambuyo pake si wopempha chifundo kumeneko.

Ya Texas musaitaye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choyamba, pempho lanu la comity laima pa laisensi imeneyo, ndiye iyenera kukhala yamoyo mpaka California itayankha. Chachiwiri, laisensi imatsata malo a polojekiti, osati pamene pali mpando wanu. Mutakhala ku Sacramento mukhoza kudinda mapulani a ngalande ya ku Katy kapena ku Sugar Land, pafupi ndi Houston, ndi chidindo cha Texas, ndipo kampani yatsopanoyo ikhoza kukuwerengerani zimenezo ngati phindu, bola nayonso ilembetse ku bodi ya Texas ngati kampani. Msampha wake ndi uwu: Texas imafuna maola a maphunziro owonjezera, kuphatikizapo a ethics, nthawi iliyonse imene mukukonzanso laisensi. California imakonzetsa pa zaka ziwiri ndipo siifuna maola otere. Munthu ukakhala pakati pa anzako osasunga masatifiketi a maphunziro, umaiwala. Ine ndinalekerera laisensi ya steti ina kufa chifukwa kalata yokumbutsa inkapita ku adiresi yakale. Kuidzutsa kunandidyera ndalama zoposa zimene ndikanalipira zaka zonsezo, ndipo mpaka lero pa fomu iliyonse yofunsa ngati laisensi yanga ina inathapo, ndimayenera kulongosola. Mukangosamuka, sinthani adiresi ku bodi ya Texas. Mukadzaona kuti simukuigwiritsa ntchito, ipempheni ikhale inactive, osati kungoisiya.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi ulendo wina, steti iliyonse ili ndi kaminga kake. Alaska imafuna kosi ya uinjiniya wa m'madera ozizira kwambiri. Illinois ndi Hawaii zimapatula ntchito ya structural kukhala laisensi yakeyake. Florida imafuna maola 18 pa zaka ziwiri, New York 36 pa zaka zitatu. Wobwera ku Texas kuchokera kwina amalemba kamayeso ka ethics ndi kupereka zidindo za zala. Amene anatenga laisensi yoyamba ku California atagwira ntchito zaka ziwiri zokha adzapeza kuti masteti ambiri akufuna zinayi. Ndipo abale a ku Britain amene muli Chartered Engineer, mu Ogasiti 2024 NCEES ndi Engineering Council anasayinirana mgwirizano wofupikitsa njira, koma umagwira ntchito m'masteti okhawo amene bodi yake yaulandira.

Mukadzafuna kumagwira maganyu apambali ku California, dziwani kuti lamulo la kumeneko limafuna kontrakiti yolembedwa musanayambe ntchito ya kasitomala, ndipo kampani ya mtundu wa LLC siiloledwa kugulitsa ntchito za uinjiniya. Komanso kukhoza mayeso a saveyi aja sikukusandutsani saveya wa malire. Ma civil okhawo amene analembetsedwa chisanafike chaka cha 1982 ndi amene amaloledwa kuyeza malire a malo. Mnansi akadzati mumuonere pamene mpanda wake uyenera kudutsa, mutumizeni kwa Land Surveyor.

Chidindo musachiodetu, dikirani nambala ioneke pa webusaiti ya bodi. Cha California chimakhala chosachepera inchi imodzi ndi theka, chili ndi dzina lanu, nambala ndi mawu akuti Civil, ndipo podinda mumasayina n'kulemba deti la tsikulo. Cha Texas chili ndi nyenyezi pakati, koma zonse n'zozungulira, zigwiriro zake n'zofanana, ndipo pa kompyuta mafaelo ake amakhala moyandikana. Zanga ndinazimata tepi ya mitundu yosiyana, ndipo chilichonse chimagona m'dirowa yake.